Mwana akabwera ali mbuu ndi fumbi la pabwalo, wabwera ndi chiyani china?

[Chithunzi: bwalo lafumbi chakumadzulo. Ana akuthamangitsa mpira wachikulunga. Golo la uku ndi njerwa ziwiri, la uko ndi masilipasi awiri.]

Moni nonse. Tisanalankhule zambiri, taonani kaye bwalo ili. Palibe woyimbira, palibe mizere, palibe wavala jezi. Mpira wake ndi wa majumbo, womangidwa ndi malegeni. Dzuwa likangopendeka, kuseri kwa mpanda kumveka mawu amene tonse tinakula nawo: "Iwe! Tabwera kuno msanga! Kodi mpirawo ndi umene udzadye?"

Mayi amene akufunsa choncho sakulakwa. Fizi ndi yodula, sopo wochapira kabudula wafumbiyo ndi wodulanso, ndipo mayeso a Sitandade 8 sadikira munthu. Koma lero tiyeni tione chimene mwanayu amatola pabwalo limeneli. China mwa icho sichigulitsidwa ku famase, china sichilembedwa pa bolodi.

[Pa sikirini: Mphindi 60 pa tsiku]

Tiyambe ndi thupi, poti ndi limene limayezeka. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 2020, limati mwana wa zaka 5 mpaka 17 azitakataka ndi thupi lake kwa mphindi 60 pa tsiku. Mungadziwe bwanji kuti kutakatakako kwakwana? Mverani kapumidwe kake. Ngati akutha kulankhula koma sangaimbe nyimbo, wafika poyenera. Akayamba befu moti mawu akudukaduka, amenewo ndi masewera amphamvu kwambiri, ndipo amafunika masiku osachepera atatu pa sabata, pamodzi ndi olimbitsa minofu ndi mafupa. Mphindi 60 zija si zoti zikwane nthawi imodzi ayi. Chipako cha pa buleki, njinga yopita kuchigayo, mpira wa madzulo, zonse zimawerengedwa.

Kafukufuku amene anatuluka mu 2019, wokhudza ana asukulu 1.6 miliyoni m'mayiko 146, anapeza kuti 81 mwa ana 100 alionse a zaka 11 mpaka 17 safika pa mlingo umenewu. Anyamata anali 78, atsikana 85. Nambala ya atsikanayo isungeni, tibwererako.

Ndikumva wina akuti, "Aaa, izo ndi za kunja, ana athu amayenda mtunda kupita kusukulu, amatunga madzi, amalima." Kumudzi n'zoona ndithu, ndipo kuyenda kumeneko mtima umapindula nako. Koma tapitani ku Area 25, ku Chilomoni kapena ku Chibavi mukaone tsiku la mwana wa m'tauni. M'mawa wakwera kabaza kapena minibasi, akaweruka pali makalasi apadera, akafika kunyumba geti gwa, foni m'manja. Bwalo limene ife tinkasewerapo, m'madera ambiri anamangapo kale nyumba za lendi.

[Chithunzi: atsikana akusewera phada, ena akudumpha jingo.]

Pali chinthu chimodzi chimene ndowa ya pamutu siingalowe m'malo mwake, ndicho kudumpha. Fupa si ndodo youma, ndi chiwalo chamoyo. Mwana akadumpha n'kutera pansi, fupa limamva kugunda kuja ndipo limayankha podziwonjezera kulimba pomwe pagundapo. N'chifukwa chake osewera tenisi amakhala ndi mafupa okhuthala kudzanja logwirira ndodo kuposa linalo. Tsono nthawi yomangira mafupayi ndi yaifupi. Pafupifupi 90 peresenti ya kulimba kumene mafupa a munthu adzakhale nako imakhala itakwana mtsikana akamafika zaka 18, mnyamata zaka 20. M'mera mpoyamba. Mtsikana amene akudumpha phada leroyu akusungira mafupa amene adzayendere ali agogo, ngakhale iye akungofuna kupambana anzake.

Za shuga ndi kuthamanga kwa magazi sindichulukitsa, mumazimva kale kusikelo ndi kuchipatala. Minofu ikamagwira ntchito imakoka shuga m'magazi, mtima umazolowera kupopa mwamphamvu, thupi silisunga mafuta ambiri. Matendawa amaonekera munthu atakula, koma chizolowezi chokhala pansi tsiku lonse chimayamba ali wamng'ono. Chimene kholo lingaone sabata yomweyo ndi tulo. Mwana wa pulayimale amafunika kugona maola 9 mpaka 12, ndipo amene wathamanga madzulo simuchita kukangana naye za kogona. Wogona bwino mawa lake amamva m'kalasi. Ndiye mukamulanda mpira kuti akhoze mayeso, onetsetsani kuti simukumulandanso tulo.

[Chithunzi: masewera aima. Ana aunjikana pa golo la njerwa, akulozerana.]

Tsopano tafika pamene pali nkhani yeniyeni. Taonani, mpira wadutsa pamwamba pa goloboyi. Golo lake lilibe mtanda wa pamwamba. Chalowa kapena sichinalowe? Awa akuti chigoli, awo akuti wapita kumwamba. Palibe wamkulu, palibe wezulo, palibe kamera yobwereza. Ana khumi ndi awiri ayenera kuweruza okha mlandu umenewu, ndipo ayenera kuuweruza msanga chifukwa dzuwa likulowa.

Mvetserani mmene amauthetsera. Wina ati goloboyi akweze manja tione ngati akanaufikira. Wina ati, "Chabwino, ikhale penate." Wina wa timu yomwe yachinya avomera yekha kuti iyayi, unapitadi pamwamba, ndipo anzake amuyang'ana ndi diso lofiira. Mwana ameneyu wanena zoona pamene zoonazo zikumuluzitsa. Kusukulu amaphunzira kuti kunama n'koipa, kutchalitchi ndi kumadrasa amamvanso zomwezo, koma pano ndi pamene amalipira mtengo wake, anzake akuona.

Ndiye pali munthu wina amene aliyense wa ife amamukumbukira: mwini mpira. Amasankha timu ndi iye, penate amamenya ndi iye, ndipo akangoona kuti zamuvuta, amanyamula mpira wake n'kumapita kwawo. Mukudziwa zimene zimamuchitikira? Mawa anzake atolera majumbo, apanga wawo, iye n'kutsala pakhonde ndi mpira wake wogula m'sitolo. Palibe amene wamumenya, palibe amene wamulalikira. Pakapita masiku awiri abwerera yekha, ndipo ulendo uno akachinyidwa apirira. Ine ndimaona kuti phunziro limeneli ndi lalikulu kuposa lililonse limene mphunzitsi wa mpira angapereke, ndipo n'chifukwa chake sindifuna kuti masewera onse a ana akhale oyendetsedwa ndi akuluakulu. Timu ya kusukulu ndi yabwino, akademe ndi yabwino, koma asiyireniko ana bwalo limene amadzilamulira okha.

Kugonja nakonso kumaphunziridwa. Mwana amene wathibulidwa 5 kwa 0 Lachiwiri n'kubwereranso Lachitatu wazindikira m'thupi mwake kuti kulephera sikupha. Tsiku limene dzina lake silidzatuluka pa mndandanda wa osankhidwa kupita kusekondale, adzalira ndithu, koma kulirako sikudzakhala kwachilendo. Wina amasankhidwa pomalizira nthawi zonse, wina amaikidwa pagolo chifukwa ndi wamng'ono, wina ayenera kupatsira mnzake amene anayambana naye m'mawa poti ndi yekhayo ali poyera. Zonsezi zimawawa pang'ono, ndipo kuwawa kwake ndi kwa mlingo umene mwana angausenze.

[Pa sikirini: Koma samalani]

Musandimve molakwa. Mpira pawokha suwongola mwana. Bwalo lomwelo limene limaphunzitsa chilungamo lingaphunzitsenso chinyengo, ndipo kawirikawiri chinyengocho chimabwera ndi ife akuluakulu.

Taganizirani za kubera zaka. Mpikisano ndi wa ana osapitirira zaka 14, koma kutsogolo kwaima mnyamata wandevu zometa m'mawa womwewo. Mwanayo sanadzilembere yekha zaka zabodza, alipo wamkulu amene anamuuza kuti, "Akakufunsa uziti unabadwa chaka chakuti." Vutoli ndi lapadziko lonse, moti mu 2009 bungwe la FIFA linayamba kujambula mafupa a pamkono ndi makina a MRI pa mpikisano wa osapitirira zaka 17, pofuna kuona ngati fupalo linamaliza kukula, chizindikiro choti wosewerayo mwina anapitirira zakazo. Timu ikatenga chikho mwa njira imeneyi, ana onse a m'timumo aphunzira kuti bodza limalipira, ndipo a timu yogonja aphunzira zomwezo.

Palinso bambo amene amaima m'mbali mwa bwalo n'kumakuwa, "Muthyole mwendo ameneyo!" Pali mphunzitsi amene amatukwana mwana wa zaka 10 chifukwa waphonya penate. Pali amene amatuma ana kukakwirira zithumwa pagolo usiku, ndiye mwana n'kumakhulupirira kuti chigoli chimachokera kwa sing'anga, osati ku maphunziro a Lachinayi madzulo. Musanamusiye mwana wanu m'manja mwa timu, pitani tsiku limodzi mukakhale pansi pa mtengo muonere. Onani mmene mphunzitsiyo amalankhulira ndi mwana amene walakwitsa, komanso ngati ana osadziwa kwambiri amalowako m'bwalo. Ndipo wamkulu aliyense amene amafuna kutsala yekha ndi mwana masewera atatha, kapena kumuitanira kunyumba kwake, mufunseni mafunso mosachita manyazi.

[Chithunzi: atsikana akusewera fulaye, wapakati akuzinda mpira uku akudzaza mchenga m'botolo.]

Tibwerere ku nambala ija ya atsikana. Onerani fulaye bwinobwino. Wapakatiyo akuzinda, akudumpha, akuwerama, maso ali uku ndi uku, kwinaku akudzaza botolo. Ameneyu ndi katswiri wa masewera, kungoti palibe amamutchula choncho. Koma akangotha msinkhu, zimatha. Mlongo wake akaweruka amaponya chikwama n'kuthamangira kubwalo, iye akuyembekezeredwa ndi mbale, mtondo ndi mwana wa kumsana. Ena amauzidwa kuti namwali sathamangathamanga. Ena amasiya okha chifukwa cha msambo, posowa zovala zodalirika kapena poopa kusekedwa. Chonsecho zaka zimenezi ndi zomwe mafupa ake akumangika mofulumira kwambiri, ndipo msambo suletsa munthu kusewera.

Mwai Kumwenda anakulira ku Mzimba akusewera ntchemberembaye wopanda nsapato, ndi mpira wa mapulasitiki ngati uwu. Mu 2015, pa mpikisano wa padziko lonse ku Sydney, anasankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse. Tabitha Chawinga wa ku Rumphi anayamba kusewera mpira wamiyendo ndi anyamata, ndipo iye mwini amanena kuti kwawo sankakondwera nazo. Mu sizoni ya 2022/23 anamwetsa zigoli 23 ali ku Inter Milan, kuposa aliyense mu ligi ya amayi ya ku Italy. Mng'ono wake Temwa anathandiza Scorchers kutenga chikho cha COSAFA mu 2023 atagonjetsa Zambia 2 kwa 1, ndipo mu 2024 anamwetsa zigoli 20 ku Kansas City Current n'kukhala wosewera wopambana mu ligi ya ku America.

Sindikutchula mayinawa kuti muyambe kuwerengera ndalama za mwana wanu. Mwa ana onse amene ali pabwalo lathuli, mwina palibe ndi mmodzi yemwe amene adzadye mpira, ndipo amene angasiye sukulu chifukwa cha mpira walakwitsa. Ndikungoti mtsikana amene mukumuitana kuti adzatsuke mbale ali ndi miyendo yofanana ndi ya mlongo wake. Mbalezo agawane, onse awiri apeze ola lawo.

[Chithunzi: mitambo yakuda, ana akumwa madzi pa mjigo.]

Zochepa zoti musamale. Mwana amene watentha thupi asasewere, mukamuyezetse malungo kaye. M'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala azisewera dzuwa litapepa, madzi akumwa ali pafupi. Wa mphumu akhoza kusewera bwinobwino, bola mankhwala ake opopera akhale m'thumba. Bwalo lichotsedwe magalasi ndi misomali, ndipo bala lakuya lionedwe kuchipatala poopa kafumbata. Akagundana mitu, mwana n'kuyamba chizungulire, kusanza kapena kusokonezeka, atuluke pomwepo ndipo asabwererenso tsiku limenelo, ngakhale alumbire kuti ali bwino. Ku America, kuyambira 2015, ana a zaka 10 kutsika pansi saloledwa n'komwe kumenya mpira ndi mutu. Bingu likagunda, onse alowe m'nyumba, osati pansi pa mtengo, ndipo adikire mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza.

[Chithunzi: tabwerera pabwalo loyamba lija. Kwayamba kuda.]

Mayi aja aitananso kachiwiri, tsopano atchula dzina lonse, ndipo mukudziwa tanthauzo lake. Mverani yankho la pabwalo: "Chomaliza! Wochinya wapambana!" Timu ina ikutsogola 7 kwa 2, koma onse agwirizana kuti zonsezo zafafanizidwa. Goloboyi wavula shati, wakonza njerwa zake, mpira sukuonekanso bwino. Amayi, apatseni mphindi zisanu zokha, madzi osamba aziphitsidwa.