Makalata a Omvera: Mwana Wamantha

Takulandiraninso omvera athu. Lero titenga makalata awiri okha, onse akukamba za mantha a ana aang'ono.

Yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Dedza. Akuti: "Mwana wanga wa zaka ziwiri ndi theka anabadwa ndi Down syndrome. Akamva chigayo kapena njinga yamoto amatseka makutu n'kulira kosatonthozeka. Ndikamuitana satembenuka. Anzanga akuti ana otere ndi mmene amakhalira, ndingopirira."

Amayi, zoti "ndi mmene amakhalira" ine ndikuzikana. N'zoona kuti mwana wa Down syndrome, yemwe amakhala ndi ma chromosome (tinthu ta m'thupi tonyamula zomwe timatengera kwa makolo) 47 m'malo mwa 46, amachedwa kukhala pansi, kuyenda ndi kuyankhula. Koma ambiri amakonda anthu, amakuyang'anani m'maso, amamwetulira. Wanuyo ngati satero, pafunika kufufuza. Yambani ndi makutu, chifukwa ana amenewa kawirikawiri amakhala ndi madzi m'kati mwa khutu, ndiye wosamva bwino amaoneka ngati wosalabadira. Makutu akapezeka ali bwino, funsani za autism, vuto limene limachititsa mwana kuvutika kulumikizana ndi kucheza ndi anthu. Mwana akhoza kukhala ndi zonse ziwiri, ndipo autism imapezeka kwambiri mwa ana a Down kuposa mwa ana ena.

Mantha paokha si vuto. Pafupifupi khanda lililonse limayamba kuopa alendo likamafika miyezi 8 kapena 9. Inu muziona chomwe mwana amachita akaopa. Kodi amathamangira kwa inu? Amayang'ana nkhope yanu kuti adziwe ngati zinthu zili bwino? Akaona mbuzi, amaloza ndi chala kuti nanunso muione? Mayankho akewo mukawauze a kusikelo, ndipo mupemphe kalata yopitira kwa dokotala wa ana.

Yachiwiri ndi ya bambo wa ku Kasungu, mwini mbumba. Alongo awo awiri aliyense ali ndi mwana wamwamuna wochedwa kuyankhula. Kukabwera mlendo anawo amathawira m'nyumba n'kumadziluma dzanja, komabe amasuzumira pachitseko. "Akuchimuna akuti kwathu kuno wina anakhwimira anawa," akutero.

Bambo, mwana sayezedwa pa wailesi, koma zomwe mwafotokozazi zikufanana ndi fragile X syndrome. Gwero lake ndi kusintha kwa jini (kachigawo ka chromosome) yotchedwa FMR1, imene asayansi anaipeza mu 1991, ndipo ili pa chromosome X. Mwana wamwamuna ali ndi X imodzi yokha, yochokera kwa mayi ake, n'chifukwa chake vutoli limatha kuonekera mwa ana aamuna a amayi apachibale. Mayiyo amakhala ndi jini yosinthikayo osadziwa, ndipo naye anaitenga kwa bambo ake kapena kwa mayi ake. Palibe anakhwima, palibe analakwa. Akuchimunawo akhazikeni pansi muwafotokozere, poti ndi udindo wanu ngati malume.

Kusuzumira pachitsekoko ndiye kwandigwira mtima. Ana ambiri a fragile X amawafuna anthu, koma kuyang'anizana maso ndi phokoso zimawachulukira mpaka kuthawa. Pafupifupi theka la anyamata otere amapezekanso ndi autism, choncho dokotala ayang'ane zonse. Kunyumba musamukokere mwana pamaso pa mlendo kuti "pereka moni." Mlendoyo akhale pambali pake, aziyankhula motsitsa, mwana asendera yekha. Kwathu kuno kuwerama pamaso pa akulu timati ndi ulemu, ndiye nthawi zina chizindikiro chopewa kuyang'ana m'masochi chimatidutsa. Muzimuuziratu zomwe zichitike, monga "mawa tipita kutchalitchi, kukakhala ng'oma."

Chotsimikizira fragile X ndi kuyeza magazi kwapadera, koma kuphunzitsa mwana kuyankhula ndi kusewera ndi anzake sikudikira zotsatira. Pemphani kuchipatala cha boma kuti akutumizeni ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Omvera a kumpoto, a St John of God ku Mzuzu amathandizanso ana ochedwa kukula.

Nthawi yatithera. Makalata otsalawa tiwerenga sabata yamawa.