Ngaka m'thumba: chifukwa chake magulu ozembetsa nyama akulandira zaka zambiri kundende

[Chithunzi: msewu wa M1 pa Nchalo, wakabaza wamanga thumba kumbuyo]

Moni abale athu a ku Chikwawa ndi Nsanje. Thumba ngati ili, likakhala ndi ngaka mkati, likhoza kumutsekeretsa munthu mpaka zaka 30.

Lamulo loteteza nyama zakutchire linasinthidwa mu 2017. Wopezeka ndi ngaka, minyanga ya njovu kapena nyanga ya chipembere sapatsidwanso mwayi wa chindapusa, ndi ndende basi. Kale ankalipira faindi n'kukagona kwawo, ndipo mabwana a malondawa ankangoiika pa mtengo wa katundu.

[Chithunzi: mapu a Lengwe, Majete ndi Mwabvi]

Ntchitoyi sagwira munthu mmodzi. Ngaka ikaopsezedwa imadzipinda ngati mpira, ndiye wolowa m'nkhalango amangoitola ndi manja. Wina amaisunga m'nyumba, wina amainyamula, wina amasaka wogula pafoni. Bwana weniweni saigwira n'komwe.

Tamvetsetsani apa. Gawo 21 la Penal Code, lamulo lalikulu la milandu ya upandu, limati wothandiza kapena wotuma amatengedwa ngati wapalamula yekha. Mayi wosunga thumba ndi mnyamata wa njinga ali m'mlandu umodzi ndi wotola uja. Pogamula, khoti limaonanso ngati mlanduwo unakonzedwa ndi gulu, ndipo zimenezo zimakweza chilango. Kuvomera mlandu kapena kupalamula koyamba kumachepetsako, koma nthawi zambiri sikuchotsa ndende.

Vuto n'lakuti ogwidwa pa rodibuloko nthawi zambiri ndi onyamula, ndipo bwana amapeza wina mawa lake. Zaka zambiri zimaluma gulu pokhapokha apolisi atatsata mafoni ndi ndalama. N'chifukwa chake lamulo la Financial Crimes Act la 2017 ndi lofunika: limalola boma kulanda katundu wogulidwa ndi ndalama za umbanda. Lin Yunhua, mkulu wa gulu lozembetsa nyama, analamulidwa zaka 14 mu 2021 pa milandu ya nyanga za chipembere ndi kubisa gwero la ndalama.

Milandu ina imafooka chifukwa cha umboni. Katswiri wa nthambi ya zanyama zakutchire ayenera kutsimikizira khoti mtundu wa nyamayo, ndipo ziyenera kulembedwa kuti thumba linadutsa m'manja mwa ndani kuchokera pomwe linagwidwa.

Anyamata a kabaza, musananyamule thumba la mlendo, limasuleni muone. Mukakumana ndi ngaka kumunda, isiyeni pomwepo, dziwitsani amfumu, apolisi kapena asilikali a nkhalango. Imadya nyerere ndi chiswe zokha, ikasungidwa pakhomo sichedwa kufa.