Ndalama zolipira ku khonsolo pomanga, ndi mmene mungazitsatire

Omvera athu a mu Chipata ndi madera ozungulira, amayi ndi abambo, lero tikambirana za ndalama zimene munthu amalipira ku khonsolo akapatsidwa puloti kapena akafuna kumanga nyumba, sitolo kapena malo ogona alendo.

Lamulo la za malo la 1995 linaika malo onse a dziko lino la Zambia m'manja mwa Pulezidenti, ndipo khonsolo imagwira ntchito m'malo mwa Commissioner of Lands, mkulu wa boma woyang'anira za malo, posankha anthu oti apatsidwe mapuloti. Mukasankhidwa, mudzauzidwa kulipira ndalama zotchedwa service charges, zomwe cholinga chake ndi kutsegula malowo, makamaka kulambula misewu ndi kukumba ngalande. Musazisokoneze ndi ground rent, lendi ya malo imene imapita ku unduna wa za malo, kapena ndi ndalama zolumikizira madzi ndi magetsi, zimene a Eastern Water ndi a ZESCO amalipiritsa paokha. Lipirani pa akaunti ya khonsolo kapena pa kauntala yake, osati m'manja mwa munthu amene wakupezani panja, ngakhale atalonjeza kufulumizitsa mapepala. Lisiti lanu likhale ndi dzina lanu, nambala ya puloti ndi chidindo. Lijambuleni pa foni tsiku lomwelo, chifukwa inki ya malisiti ena sichedwa kufufutika.

Musanakumbe maziko, perekani mapulani anu kuti avomerezedwe, monga likunenera lamulo la 2015 la kakonzedwe ka mizinda ndi madera. Chilolezo chingabwere ndi zofunika kuzikwaniritsa, monga kusiya mpata wa msewu ndi njira ya madzi. Muno mu Chipata nkhani imeneyi si yamasewera, pakuti mzindawu wazunguliridwa ndi mapiri, ndipo mvula ya mu Januwale ikagwa, madzi amatsika ndi liwiro, n'kukumba msewu wopanda ngalande mpaka galimoto yonyamula njerwa kulephera kudutsa. Amene watseka njira ya madzi ndi mpanda wake amawatumiza m'khitchini mwa mnzake wa kumunsi.

Gawo limene ambiri amalinyalanyaza ndi lotsatira ndalamazo mutalipira. Zimalowa mu bajeti ya khonsolo, imene makhansala amaivomereza chaka ndi chaka, ndipo lamulo la maboma aang'ono la 2019 linakhazikitsa makomiti a chitukuko m'mawodi kuti zofuna za anthu zizifika kumeneko. Choncho sonkhanani eni mapuloti a dera limodzi, lembani kalata imodzi yotchula msewu kapena kalavati imene mukufuna, ndipo muipereke ku komiti ya wodi ndi kwa khansala wanu bajeti isanakonzedwe. Funsaninso ngati khonsolo inapempha thandizo ku Land Development Fund, thumba limene lamulo la 1995 lija linakhazikitsa potsegulira malo atsopano. Musunge kope lodindidwa la kalata yanu ija, kuti mukabwerera kukafunsa mukhale ndi tsiku loyambirapo.