Kulumikiza logger ya pa netiweki ku WeeWX: uthenga kwa osamalira makina a nyengo m'Chigwa cha Shire

Moni nonse a pagulu lino, amayi ndi abambo, kuyambira ku Chikwawa, Nchalo, Ngabu mpaka Bangula ndi Nsanje. Ambiri mwakhala mukufunsa za kachipangizo kamene kali m'bokosi la makina oyezera nyengo a Davis Vantage Pro2, kaja kokhala ndi polowetsa chingwe cha netiweki. Dzina lake ndi WeatherLinkIP, ndipo ndi logger, kutanthauza kachipangizo kosunga zoyezedwa. Funso lanu ndi momwe mungailumikizire ku WeeWX, pulogalamu ya pa kompyuta yotenga ndi kusunga zoyezedwazo. Ndiyankha pano kamodzi. Khalani pafupi ndi kompyuta, muziimitsa uthengawu mukafuna kulemba.

Masensa ali panja pa mlongoti, amatumiza zimene ayeza ku console, kabokosi ka m'nyumba koonetsa manambala. Logger imeneyi imalowa kumbuyo kwa console, ndipo ntchito zake ndi ziwiri: kusunga zoyezedwa, komanso kulola kompyuta kulankhula ndi console kudzera pa netiweki. Imasunga mizere 2560 ya zoyezedwa. Mukaika kuti izilemba mphindi 5 zilizonse, ndiye kuti imasunga za masiku pafupifupi 9. Nambala imeneyi muigwire, chifukwa kuno masiku amene timafunitsitsa kudziwa kuti mvula yagwa mamilimita angati ndi omwewonso magetsi amazima. Mukukumbukira mu Januwale 2022, namondwe wa Ana atawononga damu la ku Kapichira, mdima unali ponseponse. Freddy atabwera mu Malichi 2023, misewu inaduka, ena sanafike ku maofesi awo masiku angapo. Zonse zimene ndikuuzeni lero cholinga chake n'chakuti kompyuta ikazima, logger izipitiriza kulemba, ndipo kompyuta ikadzuka itenge zonse zimene inaphonya.

Musanalowetse logger, zulani adaputala ya magetsi ku console, muchotsenso mabatire atatu aja. Mukailowetsa console ili yoyaka mutha kuwononga zonse ziwiri. Mukabwezera magetsi, dziwani kuti logger ya netiweki imadya mphamvu kwambiri, mabatire a mu console sachedwa kutha. Choncho console, rauta ndi Raspberry Pi (kakompyuta kakang'ono koyendetsa WeeWX) zonse zikhale pa batire ya sola. Batire ikamachepa mphamvu, ndi bwino izime Pi, console itsale.

Tengani chingwe cha netiweki, mbali ina ku logger, mbali ina ku rauta. Kaja ka MiFi koyenda nako m'thumba sikathandiza, kalibe polowetsa chingwe. Koma intaneti siikufunika kuti WeeWX ilankhule ndi logger. Bandulo ikatha, kuyeza kumapitirira.

Lowani mu tsamba la rauta, muone nambala ya IP imene logger yapatsidwa, mwachitsanzo 192.168.1.50. Muuze rauta kuti nambala imeneyo ikhale ya logger mpaka kalekale. Mukapanda kutero, magetsi akazima n'kuyakanso rauta imatha kugawa manambala mwatsopano, WeeWX n'kumagogoda pakhomo la eni. Vuto limeneli ndi limene limavutitsa anthu ambiri, ndiye musalidumphe.

Yesani kaye musanakhudze WeeWX. Pa Pi lembani ping ndi nambala ija. Ikayankha, lembani nc, nambala ija, kenako 22222, amene ndi port ya logger. Dinani Enter kuti console idzuke, mulembe TEST ndi zilembo zikuluzikulu. Ikakubwezerani TEST, njira ndi yotseguka.

Tsopano pulogalamu. WeeWX ndi yaulere, yolembedwa mu Python, anaiyambitsa ndi Tom Keffer, ndipo aliyense atha kuwerenga kalembedwe kake pa GitHub. Iimitseni kaye ndi sudo systemctl stop weewx. Tsegulani fayilo ya /etc/weewx/weewx.conf, koma muyambe mwaikopera pambali. Pamwamba, pa station_type pakhale Vantage. Tsikani ku gawo lolembedwa Vantage. Pa type mwina palembedwa serial, fufutani mulembe ethernet. Pa host ikani nambala ya IP ija. Pa tcp_port pakhale 22222. Pali mzere wina wa tcp_send_delay, umakhala pa 0.5. Iyi ndi nthawi imene pulogalamu imadikira ikatumiza lamulo, popeza logger imeneyi siyankha mwachangu ngati ya USB. Mukamaona zolakwika pafupipafupi, ikwezeni ifike pa 1. Pomaliza pitani ku gawo la StdArchive, muonetsetse kuti record_generation ili pa hardware. Mzere umenewu ndi umene umauza WeeWX kuti izitenga mizere yosungidwa mu logger, m'malo mowerengera yokha.

Apa mvetserani bwino. Logger imeneyi ili ngati mjigo, imadzaza ndowa imodzi pa nthawi. Ikamalankhula ndi WeeWX, pulogalamu ina siingalowe. Iyonso payokha inapangidwa kuti izitumiza ku tsamba la weatherlink.com, ndipo ntchito ziwirizi zimalimbirana. Lembani nambala ya IP ija mu browser, tsamba la logger litseguka, muzimitse kutumiza kumeneko. Ngati pali laputopu ina ya muofesi yokhala ndi pulogalamu ya WeatherLink, nayonso isamalumikizidwe.

WeeWX idakali yoima, lembani sudo weectl device --info. Amene muli ndi WeeWX yakale, yosafika 5, lamulo lake ndi wee_device. Zituluka zambiri, koma yang'anani ziwiri. Choyamba kukula kwa kasupuni koyezera mvula. Makina a Davis ena amawerenga 0.2 milimita pa kugwedezeka kulikonse, ena 0.01 inchi, amene ndi 0.254 milimita. Console ikaganiza china pamene panja pali china, mvula yanu yonse ya chaka ikhala yabodza, ndipo mlangizi amene akuuza alimi a mapira ndi thonje kuti chinyezi chakwana, abzale, adzakhala akudalira nambala yolakwika. Ya 0.2 milimita mumaika ndi --set-bucket=1. Chachiwiri ndi mphindi zolembera. Ngati sizili pa 5, sinthani lero lomwe, chifukwa kusinthako kumafufuta zonse zimene logger yasunga. Musadzachite zimenezi mvula itayamba.

Nkhani ya wotchi. Raspberry Pi 3 ndi 4 zilibe wotchi yakeyake ya batire. Ikazima n'kuyaka popanda intaneti, nthawi yake imakhala yotsalira, ndipo WeeWX imakonza wotchi ya console potengera ya kompyuta. Mizere imasokonekera, ina imakanidwa. Gulani kawotchi kotchedwa DS3231, kamalowa pa mapini a Pi. Ine sindivomereza siteshoni iliyonse kuyamba ntchito popanda kameneka.

Mukatha, sudo systemctl start weewx, kenako journalctl -u weewx -f, lamulo loonetsa zimene WeeWX ikuchita. Dikirani mphindi 5, muone mawu akuti Added record. Kenako yesani dala: zimitsani Pi kwa ola limodzi, console isiyeni yoyaka. Mukayatsa, muyenera kuona mizere 12 ikulowa motsatizana. Ikapanda kulowa, ntchito siinathe, bwererani pa record_generation ndi pa wotchi.

Ena mwalandira WeatherLink Live, kabokosi katsopano. Musatsatire zimene ndanenazi. Iko kamayankha mu JSON pa adiresi ya /v1/current_conditions, kamafuna driver (kapulogalamu kolankhula ndi chipangizo) ina yoika padera, ndipo mizere yakale sikaipereka pa netiweki ya m'nyumba, imadzera ku intaneti. Kwa ife a kuno chimenecho ndi chilema chachikulu, ndiye Pi yanu isamazime konse.

Achinyamata amene mwaphunzira Python, tsegulani fayilo ya vantage.py ya mu WeeWX muiwerenge. Muona kuti njira ya serial ndi ya ethernet zili m'magawo awiri osiyana, koma malamulo opita ku console ndi amodzimodzi: LOOP yotenga za pompano, DMPAFT yotenga zosungidwa kuyambira nthawi inayake. Mukadzapeza logger ya mtundu wina, driver yanu iyenera kukhala ndi genLoopPackets, ndipo ngati loggeryo imasunga, muwonjezere genArchiveRecords. Mukalemba, ikani poyera kuti a ku Karonga ndi ku Mozambique apindule nawo.

Za malo oika. Okutobala ndi Novembala kuno kutentha kumadutsa madigiri 40, choncho Pi isakhale pansi penipeni pa malata. Zipangizo zonse zikhale pamwamba, makamaka inu a ku Makhanga ndi ku Chiromo. Muzikumbukiranso kuti madzi a mu Ruo amachokera ku Mulanje, angasefukire kwanu kusanagwe dontho. Manambala anu muziwagawira makomiti a m'midzi oona za ngozi, koma chenjezo lenileni ndi la a nthambi yoona za nyengo.

Lachisanu lililonse koperani fayilo ya weewx.sdb, ili mu /var/lib/weewx, muiike pa flash. Amene mwakanika penapake, jambulani zimene journalctl yalemba mutumize pagulu pano, mutchulenso mtundu wa logger yanu.