Kusintha mapadi ndi madisiki a mabuleki: chonde, lekani kuthira madzi!

Moni nonse abale anga, kuno ndi ku Mangochi. Ngati galimoto yanu imalira kwiiii mukaponda buleki, kapena chiwongolero chimanjenjemera potsika mtunda, musachoke. Lero tagwira Sienta iyi, imene imakwera ndi kutsika msewu wa ku Namwera tsiku ndi tsiku.

Choyamba, imikani pouma ndi polimba, osati pamchenga. Tsekerani matayala akumbuyo ndi miyala, masulani manati pang'ono, kwezani ndi jeke, n'kuikapo chochirikiza. Jeke payokha imapha.

Chachiwiri, chotsani tayala, masulani mabawuti a kalipa, chitsulo chija chimene chimagwira mapadi n'kuwapanikiza padisiki. Kalipayo imangirireni m'mwamba ndi waya, isalendewere ndi paipi ya mafuta a buleki.

Chachitatu, yang'anani bwino. (Kamera iyandikire.) Padi ikatsala mamilimita 3 yatha, ndipo iyi yapyola pamenepo. Padisiki pamalembedwa MIN TH ndi nambala, ndiwo malire a kupyapyala kwake. Ikapyapyala kuposa apo, itayeni. Koma taonani timing'alu iti. Mwationa? Ndikafunsa eni galimoto zotere, ambiri amavomera: ankathira madzi pamadisiki otentha.

Apa ndiye mundimvetsetse, chifukwa nkhaniyi imandiwawa. Munthu watsika phiri la Chowe, galimoto yadzaza anthu ndi matumba, giya waika pa neutral ati kusunga mafuta, phazi lili pabuleki kuchokera pamwamba. Asanafike pa mlatho wa Bakili Muluzi matayala akununkha. Waima, watenga chigubu, khuthu! Nthunzi tolo, iye n'kumati, "Ndaziziritsa." Ayi achimwene, mwawononga! Disiki ndi chitsulo cha cast iron, ndipo potsika chonchi imatentha madigiri mazanamazana. Madzi akagwerapo, kunja kumazizira n'kukhwinyata nthawi yomweyo, mkati mukadali moto. Mukukumbukira galasi la nyali likatentha, dontho limodzi lokha likagwerapo? Ndi zomwezo. Disiki imachita ming'alu kapena kupindika, ndipo kunjenjemera kuja kwayambira pamenepo.

Wina alemba m'makomenti, ndikudziwa: "Nanga mvula? Nanga tikawoloka madzi?" Mvula imawaza pang'onopang'ono tayala likuzungulira, ndipo nthawi zambiri disiki siikhala itafika moto wotere. Chigubu chimakhuthukira mbali imodzi ya disiki yoima, yofuka utsi. Si zofanana. Komanso madziwo sachiza chimene chakuopsani. Buleki ikafewa pamtsetse, kawirikawiri ndi mafuta a buleki amene awira, makamaka akale amene anayamwa chinyezi. Paja amafunika kusintha pakatha zaka ziwiri. Onani pachivindikiro cha mafutawo ngati mtundu wake ndi DOT 3 kapena DOT 4.

Mankhwala ake ndi giya. Tsikani ndi giya yaing'ono, ya automatic ikani pa L, 2 kapena B, injini ikugwirireni. Ndipo za kusunga mafuta zija ndi bodza: galimoto za fuel injection zikakhala m'giya, phazi mwachotsa pamoto, zimadula zokha mafuta. Mabuleki akatenthabe, imani pabwino, mphepo igwire ntchito yake.

Mwafika pano? Dinani subscribe, ndipo vidiyoyi itumizeni kugulu la WhatsApp la madalaivala anzanu. Amene muli kuno kuboma, bwerani kugalaja kwathu, kuyeza madisiki ndi ulere.

Tibwerere. Chachinayi, masulani chogwirira kalipa, chotsani disiki yakale, palani dzimbiri pamalo pokhala yatsopano mpaka pawale. Kamchenga kamodzi kotsalira apa, disiki ikhala mopendama. Yatsopanoyo ipukuteni ndi brake cleaner, imabwera yopakidwa mafuta oteteza dzimbiri.

Chachisanu, tsegulani chivindikiro cha mafuta a buleki, bwezani pisitoni ya m'kalipa pang'onopang'ono ndi chopanikizira cha G-clamp. Girisi wa mabuleki pakani patizitsulo totsetserekapo kalipa, osati pankhope ya padi. Lowetsani mapadi, mangani zonse zolimba. Mbali inayo chimodzimodzi. Osasintha mbali imodzi, galimoto imakokera kumbali.

Chachisanu ndi chimodzi, ndipo ichi musaiwale ngakhale pang'ono: musanasunthe, pondani buleki kangapo mpaka ilimbe. Poyamba imalowa mpaka pansi osagwira. Kenako yendani mofatsa, kuponda pang'onopang'ono kuti mapadi akhazikike padisiki, ndipo masiku oyambirira pewani kuima mwadzidzidzi.

Sabata yamawa titsegula mabuleki akumbuyo, a dramu aja. Lembani m'munsimu galimoto imene mukufuna tiigwire.