Bwalo la ndege la Castle ndi mwini dzinalo

Zikomo amayi, zikomo abambo. Achinyamata muli kumbuyoko, senderani pafupi kuti ndisachite kukuwa.

Lero tipita kutali, ku tauni yaing'ono ya Atwater, ku California m'dziko la America. Kumeneko kuli bwalo la ndege lomwe kale linali la asilikali. Linayamba mu 1941 ngati sukulu ya oyendetsa ndege zankhondo, ndipo mu 1946 analipatsa dzina loti Castle. Mwini dzinalo ndi Frederick Castle, mmodzi wa akuluakulu a asilikali apamlengalenga a America.

Pa 24 Disembala 1944, m'mawa mwake kuli Khirisimasi, Ajeremani anali atawapanikiza kwambiri asilikali a America ku Belgium. Paja nthawi yomweyo agogo athu a KAR, gulu lija la asilikali la King's African Rifles, anali m'nkhalango za ku Burma, nkhondo yake ndi yomweyo. Tsiku limenelo ndege zoponya mabomba zoposa 2,000 zinanyamuka ku England, Castle ali patsogolo pa zonse, m'ndege ya mainjini anayi yotchedwa B-17.

Ali m'mwamba mwa Belgium, injini imodzi inayamba kuvuta, ndege n'kumatsalira. Inu a kabaza mukudziwa, njinga ikakulemera pachitunda, umatsitsa thumba. Nayenso akanataya mabomba aja, ndege ikanapepuka. Koma pansipo panali asilikali a mbali yake. Anakana. Apa ndi pamene ine pamandigwira mtima, chifukwa amene anali pansiwo sankamuona, ndipo mabomba akanawagwera palibe akanadziwa dzanja lomwe lawataya.

Ndege za Ajeremani zinaipeza ili yokhayokha, ngati mbuzi yotsalira pagulu. Zinaiwombera mpaka moto kubuka. Castle analamula anyamata ake kuti adumphe ndi maparachuti, iye n'kugwira chiwongolero kuti ndege isapendekeke iwo akutuluka. Kenako thanki ya mafuta ya m'phiko inaphulika, ndege n'kugwa chozungulira pafupi ndi mudzi wa Hody. Asanu anapulumuka. Castle anafera momwemo pamodzi ndi woyendetsa mnzake, Robert Harriman. Anali ndi zaka 36 zokha. Manda ake ali ku Henri-Chapelle, ku Belgium komweko, ndipo boma lake linamulemekeza ndi mendulo yapamwamba koposa, Medal of Honor.

Bwalo lija linakula zedi. Mu 1955 ndi lomwe linayamba kulandira zindege zikuluzikulu za B-52, ndipo mu Januwale 1957 zitatu mwa izo zinanyamuka pamenepo n'kuzungulira dziko lonse osatera, maola 45 ndi mphindi 19, mafuta akumwera m'mwamba momwemo. Mkangano wa America ndi Soviet Union utazirala, boma linatseka bwaloli mu 1995. Asilikali anapita, koma anasiya vuto: mankhwala otsukira zitsulo za ndege anali atalowa m'madzi apansi panthaka, ndipo ntchito yowayeretsa yatenga zaka zambiri.

Mukapita lero mupeza ndende ya boma mbali ina, mbali ina malo omwe kampani ya Google inabwereka kuti iziyeserapo magalimoto odziyendetsa okha. Chapafupi pali Castle Air Museum, pomwe ndege zakale azindandalika pabwalo, padzuwa. Pakati pa izo pali B-17, mtundu womwe uja Castle anaferamo, ndipo ana asukulu amaima pansi pa phiko lake n'kumayang'ana m'mwamba.