Skauti akabwera kudzaona mwana wanu amayang'ana chani?

Zikomo amayi ndi abambo, tikhale pansi pang'ono, chakudya sichithawa. Ambirife tinakula tikusewera mpira wachikulunga kumudzi, baseball taidziwira konkuno ku Indiana, ku America, ana athu atayamba high school, ndiye mwana akabwera kunyumba kuti adadi chaka chino ndikumenya .400, kutanthauza kuti pa maulendo 10 alionse omenya, 4 akumenya bwino mpaka kufika pa base, ife timangoti eee watchuka basi, osadziwa kuti skauti, munthu wofufuzira matimu osewera aluso, nambala imeneyo saiwerengera kwenikweni.

Chifukwa chake n'chakuti .400 imatengera amene amakuponyera. Ngati oponya ake anali ofooka aliyense angamenye. Komanso kusukulu amamenyera bat yachitsulo pamene ku MLB, ligi yaikulu ya baseball kuno ku America, ndi yamtengo yokhayokha, ndipo yamtengo siibisa, ukaphonya pakati pake mpira supita kulikonse.

Skauti amayang'ana zinthu zisanu: kumenya mpira pafupipafupi, mphamvu zoutumiza kutali, liwiro, mkono woponya, ndi kuwakha. Chilichonse amachipatsa malikisi kuyambira 20 mpaka 80. Apa ndimvetseni bwino makolo anzanga, 50 sikuti ndi mwana wapakatikati pasukulu pake ayi, 50 ndi wosewera wapakatikati wa MLB. Ndiye mwana wazaka 16 akapatsidwa 40 musamukalipire, wachita bwino ameneyo, ndipo skauti akuganiza za mmene thupilo lidzakhalire akadzafika zaka 22, mapewa akakula.

Liwiro amayeza ndi wotchi pa mayadi 60. Akatsika pansi pa masekondi 7 anthu amayamba kulemba dzina. Kuchoka pomenyera kufika pa base yoyamba, womenyera kumanja wa MLB amatenga pafupifupi masekondi 4.3. Catcher, wowakha mipira kumbuyo kwa womenya, naye ali ndi yake, mpira ukangogunda glove yake mpaka kufika pa base yachiwiri, masekondi 2.

Tsopano oponya, apa ndiye pamene mtima wanga umawawa. Aliyense akufuna radar iwonetse 90, mamailosi 90 pa ola, chifukwa nambala imeneyo imabweretsa makochi a ku koleji, ndiye mwana amaponya kutimu yasukulu, weekend timu ina yoyendayenda, chilimwe ma showcase okaonetsa luso kwa maskauti, osapuma chaka chonse, kenako chigongono chaphweteka. Opaleshoni ija amati Tommy John imamuchotsa mwana pabwalo chaka chathunthu kapena kupitirira. Malangizo oteteza mikono ya ana oponya, otchedwa Pitch Smart, amati wazaka 17 kapena 18 asapitirire mipira 105 patsiku, ndipo akadutsa 80 apume masiku 4. Werengani nokha muli pa benchi, chonde, musadikire kochi. Ndipo skauti wodziwa ntchito sangoyang'ana radar, amaona ngati mwanayo akuponya pamene akufuna, ngati curveball yake ikupindikadi, ngati mkono ukuyenda mosavutikira.

China chimene wotchi siyeza ndi khalidwe. Amafika msanga masewero asanayambe kudzaona mmene mwana akukonzekerera, akatulutsidwa katatu amataya helmet kapena amathamangira pamalo pake, amalankhula bwanji ndi anzake. Amafunsanso aphunzitsi. Magiredi akakhala oipa koleji singamutenge ngakhale mkono utakhala wabwino chotani.

Amayi ena anandifunsa panja paja kuti kuno kozizira ana athu angaonedwe? Zoona, a ku Florida ndi Texas amasewera miyezi yambiri kuposa ife. Koma Mike Trout anachokera ku Millville, New Jersey, kozizira ngati kuno, ndipo mu draft ya 2009, pamene matimu a MLB amasankha osewera atsopano, osewera 24 anasankhidwa iye asanatengedwe ndi Angels. Matimu ambiri sanamuone mokwanira.

Draft masiku ano ili ndi maraundi 20 okha, ndiye ambiri mwa ana athu njira yawo ndi koleji. Loweruka likudzali amene angathe tikumane kubwalo, ndibweretsa wotchi ndi tepi yoyezera, tiwathamangitse mayadi 60 aja aliyense adziwe nambala yake musanalipire ndalama za showcase. Bambo kumbuyoko mwakweza dzanja, funsani.